KUTSAZIKA KWA MWANA WA MTCHONA

Pali funso limodzi limene ife Amalawi timafunsana tisanadziwane nkomwe maina, ndipo funsolo ndi lakuti, "Kwanu nkuti?" Ambiri timayankha mosadodoma: mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Yankho limeneli tidaliloweza tili ku pulayimale, ndipo timalilemba pa fomu iliyonse imene tapatsidwa. Koma pakati pathu, m'makalasi ndi m'mahositelo a pa Chirunga pompano, alipo anzathu amene akamva funsoli amayamba ameza kaye malovu. Amenewa ndi ana a matchona, amene adabadwira kapena kukulira ku Harare, ku Kitwe kapena ku Johannesburg, nabwera kuno atatsiriza sekondale. M'nkhani ino ndifuna tilingalire za tsiku limene munthu wotere amatsazika sukulu yake ndi dziko limene lamulera. Kodi pochoka paja amasiya ngongole yanji? Nanga mudzi umene sadauonepo ndi maso uli ndi mphamvu yanji pa iye?

Ndiyambire kwathu, m'chigwa chotentha cha pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja, kumene kuli Mua, Golomoti ndi Mtakataka. Nkovuta kupeza kumeneko banja lopanda mbale amene adapita kunja osabwerako. Msonkho wa atsamunda udafuna ndalama, ndipo ndalama zidali ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia. Ena adalembedwa ndi Wenela, ena ndi Mthandizi, ena adangonyamuka wapansi. Njanji yopita ku Salima itadutsa m'chigwachi m'zaka za m'ma 1930, ulendo udafupika, ndipo amuna adachuluka pa siteshoni. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi. Ambiri adabwerako nthawi imeneyo, koma enanso ambiri adali atakwatira kale, atabereka, atazika mizu. Lero Wenela kulibe, koma mabasi odzera pa chipata cha Dedza, ku Tete, ku Nyamapanda mpaka ku Beitbridge akunyamulabe anyamata ndi atsikana a m'midzi yomweyi, ndipo ana akubadwabe kutsidya kwa Limpopo.

Ana amenewa sadasankhe kubadwira kumeneko, monganso sasankha nthawi yochokako. Ku Zimbabwe, mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri amene adataya ntchito ndi pogona pomwe adali a mtundu wa ku Malawi ndi ku Mozambique. Lamulo la unzika la 2001 lidawasiya ambiri a iwo ali alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo atsopano a dzikolo a 2013 adakonzako zina. Ku South Africa, chipolowe cholimbana ndi alendo cha mu Meyi 2008 chidapha anthu 62, ndipo mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban. Kholo loona zotere limadziuza kuti, "Mwanayu angolemba mayeso, kenaka azipita kumudzi." Palinso nkhani ya mapepala. Mwana ali pa sukulu amabisala m'mthunzi wa makolo ake, koma akangotsiriza Fomu 4 kapena matric, koleji ndi malo a ntchito zimafuna chiphaso chakechake. Choncho tsiku lotsiriza la sukulu limasanduka tsiku limene dziko limamufunsa koyamba kuti, "Kodi iwe ndiwe yani?"

Tiyeni tiyerekeze ophunzira awiri. Woyamba walemba mayeso a MSCE ku Dedza Secondary School kapena ku Mtendere. Iyenso amalira potsazika anzake, koma kulira kwake nkwa kanthawi, pakuti anzakewo adzakumana nawo mu minibasi ku Lilongwe, pa ukwati, pa maliro, mwinanso pa koleji pompano. Wachoka pa sukulu, koma dziko wapita nalo. Wachiwiri walemba mayeso ake ku Mufakose kapena ku Kadoma, ndipo katundu wamangidwa kale. Ameneyu pa tsiku limodzi akutsazika aphunzitsi, anzake, msewu umene adaphunzirira kupalasa njinga, chiyankhulo chimene amatha kuseketsa nacho anthu, ndi dzina lachibwana limene palibe adzamutchulenso nalo. Wina anena kuti masiku ano kuli mafoni ndi WhatsApp, ndiye palibe kusiyana kwenikweni. Nzoona kuti mawu ndi zithunzi zimadutsa malire mosavuta. Koma foni siigona pa siwa, ndipo siingakugwirire mkono pa chipatala. Pakapita zaka ziwiri nkhani zimayamba kuchepa, chifukwa anzako aja akuseka zinthu zimene iwe sudazione.

Tsono kutsazika nchiyani? Makolo athu sadachitenge mwachibwana. Mlendo sadzuka nkungopita. Amayamba walawira, eni nyumba namukaniza pang'ono, kenaka amupatsa kamba wa panjira, namuperekeza mpaka pa mphambano. Wochoka amati, "Tsalani bwino," otsala nati, "Pitani bwino." Aliyense akufunira mnzake zabwino m'moyo umene iye sadzakhalamo. Anthu amene amachoka osatsazika timawadziwa: mbala, wothawa mlandu, ndi munthu wokwiya. Nchifukwa chake mkamwini akazemba usiku mudzi wonse umadziwa kuti ukwati watha moipa. Potsazika munthu amakhala akuvomera poyera kuti, "Ndakhala pakati panu, ndadya zanu, ndipo sindikuchoka ngati mdani." Uku nkuvomera ngongole.

Apa mpamene mwana wa mtchona angatsutse, ndipo kutsutsa kwake nkomveka. Anganene kuti, "Ngongole yanji? Anthu amenewa ankatitcha mabhurandaya, ankatitcha makwerekwere. Pulezidenti Robert Mugabe yemwe adanyozapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, chikhalirecho ife tili ndi u-Phiri wathu, u-Banda wathu, u-Maseko wathu. Agogo adatsokomola magazi chifukwa cha fumbi la mu mgodi, atate adakalambira m'munda wa fodya wa mwini wake. Ngati pali wokongola, ndi dzikolo limene lidakongola kwa ife." Mawu amenewa sindingawatsutse onse. Pa nkhani ya thukuta ndi ndalama, matchona adalipira kale mopitirira. Koma ngongole zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi ya pa sitolo, imene ukalipira mwini wake amafufuta dzina lako m'buku, nkhani nkuthera pomwepo. Ina ndi yonga imene tili nayo kwa azamba amene adatilandira pobadwa. Imeneyi siilipidwa ndi ndalama, ndipo azambawo sailonjerera, koma munthu woikana timamuona kuti ndi woperewera umunthu. Boma limene lidakana kukupatsa chiphaso si ndilo mphunzitsi amene adatsalira nawe masana kukuphunzitsa masamu. Gulu limene lidatentha zisakasa si ndilo mayi woyandikana naye nyumba amene adakubisa m'chipinda mwake usiku umenewo. Kuwaika onsewa m'thumba limodzi nkuchita chomwecho chimene adatichitira ife potiyesa tonse akuba ntchito. Wochoka ali ndi ufulu wokwiyira lamulo loipa, koma alibe ufulu wolanga nalo anthu amene adamukonda.

Titembenukire ku mbali yachiwiri, ya mudzi umene ukumudikira. Kodi nchiyani chimapanga malo kukhala kwanu? Mayankho amene timamva kawirikawiri ndi atatu, ndipo onse atatu amamugwiritsa mwala mwana wa mtchona.

Loyamba ndi lakuti kwanu ndi kumene kudakwiriridwa mchombo wako. Ngati ndi choncho, kwawo kwa mnzathuyu ndi ku Harare, kumene akuuzidwa kuti achokeko. Lachiwiri ndi la magazi. Koma magazi amawerengedwa mosiyana. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo. M'midzi yambiri ya Achewa mwana ndi wa kwa mayi, ndipo munda amaupeza kudzera ku mbumba ya amayi ake, moyang'aniridwa ndi amalume. Tsono taganizani mwana amene bambo ake ndi Mchewa wa ku Mua, mayi ake ndi Mshona. Kuchikazi amamuuza kuti, "Kwanu nku Malawi, kwa atate ako." Akafika ku Mua amva kuti, "Takulandirani, koma paja kwanu nkwa amayi anu." Miyambo iwiri, uliwonse wolongosoka pa wokha, ikakumana pa mutu wa mwana mmodzi imamusiya pa mtetete. Lachitatu ndi la chikalata cha boma. Koma chikalata chimasintha ndi ndale. Dr Kenneth Kaunda adabadwira ku Chinsali mu 1924, makolo ake ali ochokera kuno ku Nyasaland. Adalamula Zambia zaka 27, koma mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola lidagamula kuti si nzika ya dzikolo, ngakhale chigamulocho sichidakhalitse. Ngati pepala lidatha kuvula munthu wotero unzika, kuli bwanji mwana wa wantchito wa pa famu? Kuno kwathu, kwa zaka zambiri lamulo linkakakamiza munthu wamkulu kusankha dziko limodzi, mpaka aphungu adavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018. Lamulolo lathandiza, koma silingauze mtima wa munthu kumene uli.

Akuluakulu ena akamva zonsezi amadula nkhani ndi mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Amati munthu asankhe, aiwale zakale, akhale Mmalawi basi. Mwambiwu tisaupeputse, chifukwa chimene ukunena tidachionapo. Alipo anzathu amene adafika kuno ndi thupi lokha. Akaona kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Golomoti, udzudzu, fumbi ndi mitengo ya malambe, chilichonse amachiyerekeza ndi kumene adachoka. Sadziwa dzina la nyakwawa, sapita ku maliro, sagwira khasu, akungowerenga masiku oti adzapeze ya basi. Moyo wotere ndi wowawa kwa mwini wake, ndipo ndi chipongwe kwa agogo amene akumuphikira nsima. Kumudzi amati ameneyu ndi wonyada. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri ameneyu ndi munthu amene sadatsazike. Adachotsedwa mwadzidzidzi, kapena adadzinamiza kuti akungopita kutchuthi, ndiye mtima wake ukadali chiimire pa geti ya sukulu ija kudikira kuti belu lilirenso. Munthu wa m'mwambi uja sadavumbwe chifukwa chodziwa mapanga awiri. Adavumbwa chifukwa sadalowe m'phanga lililonse. Amene watsazika bwino ndiye amatha kulowa m'nyumba yatsopano ndi miyendo yonse iwiri, chifukwa wavomera mumtima kuti gawo lija latha, ndipo latha mwaulemu. Kuiwala sikufunika. Mkazi wokwatiwa ku chitengwa saiwala kwawo, komabe amamanga banja lolimba kumene wapita.

Ndiponso ife amene timadzitcha eni nthaka tidzifunse bwino. Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, likulu lakale la a Kalonga a Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, adapezapo mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni wakuti chigwa chimenechi chidadziwana ndi maiko akutali kalekale. Amaraviwo mbiri yawo imati adachokera ku Uluwa, m'dziko limene lero ndi Congo. Angoni a Maseko adachokera kumwera, nayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania asanabwerere ku Domwe, ndipo a Kachindamoto adatsikira ku Mtakataka m'zaka za m'ma 1890 atakangana ndi abale awo a kwa Gomani. Ayao a m'mbali mwa nyanja adachokera ku Mozambique. Ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa pomwepo malo a za chikhalidwe a KuNgoni. Anthu adawapatsa mfunda wa Chisale, ndipo lero ana athu amapita ku nyumba ya Chamare kukaona zigoba za gule wamkulu zimene iwo adasonkhanitsa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, dziko lino lidasunga othawa oposa 1 miliyoni, ambiri m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ana amene adaphunzira m'sukulu zathu, oyankhula Chichewa ngati ife, adatsazika anzawo kupita ku dziko limene ena a iwo sankalikumbuka. Mbiri ya chigwa chathu ndi mbiri ya anthu ofika ndi anthu ochoka. Amene akutcha mnzake obwera angowerenga mibadwo isanu kapena khumi m'mbuyo, adzapeza agogo ake ali ndi mtolo pamutu.

Pali chitsanzo china chimene chiyenera kutichititsa manyazi. Pa 6 Julaye 1958 Dr Banda adatsika ndege pa Chileka atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Pa misonkhano ankayankhula Chingerezi, wina namasulira. Dziko lonse lidamuvinira. Nanga bwanji mtsikana wochokera ku Mbare akalakwitsa mawu amodzi m'kalasi timaseka mpaka misozi? Kusiyana kwa awiriwa nkuti? Wina adabwera ndi udokotala ndi chipewa, wina wabwera ndi chikwama chimodzi. Ngati timakhululukira lilime la wamkulu nkumaseka lilime la mmphawi, ndiye kuti chimene tikuteteza si chiyankhulo ayi.

Tsono ngati mchombo, magazi ndi chikalata sizikwanira, kwanu nkuti? Ine ndikuganiza kuti kwanu ndi kumene kusowa kwako kumaoneka. Ndi kumene ukapanda kufika pa maliro anthu amafunsa kuti, "Kodi uje ali kuti?" Ndi kumene pa tsiku lokonza ngalande za mpunga ku sikimu ya Bwanje, zotenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, dzina lako limaitanidwa pamodzi ndi ena. Kwanu kotere munthu sabadwa nako kokha, amakulima monga munda. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adatisiya mu 2025, adakhala zaka 27 ku Zomba kuno akugwira ntchito ya ulembi pa koleji ya zaubusa. Mu 2003 akuluakulu adawaitana kuti akalowe ufumu ku Mtakataka. Adapita, ndipo zimene adaona kunja kwa mudzi zidawathandiza kuona chimene ena adachizolowera: ana aakazi a zaka 12 ali ndi ana kumsana. Pofika 2016 adali atathetsa maukwati a ana oposa 800 ndi kubwezera anawo ku sukulu. Zomba si kunja kwa dziko, koma phunziro lake ndi lomwelo. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kamathandiza pokhapokha mwini wake akavomera kukhala pansi nkumeta nawo anthu, ndiponso eni mudzi akamulola.

Pamenepa pali udindo wa mbali zonse. Kumudzi minda yachepa, ndipo amalume amene akuzengereza kugawira mwana wa mchimwene wawo si oipa mtima nthawi zonse; akuwerenga pakamwa pa mbumba yawo. Koma akumbukirenso kuti malata a nyumba zambiri m'midzi imeneyi, njinga, makina osokera ndi fizi ya ana, zidachokera m'thumba la mtchona yemweyo. Kudya ndalama za bambo nkukana mwana wake ndi chinthu chimene mwambo uliwonse, wa Chichewa kapena wa Chingoni, sungachivomereze ukachiyang'anitsitsa. Ifenso a pa koleji, makamaka amene timati ndife alembi, tili ndi mbali yathu. Timalemba kwambiri za mtchona wokalamba wobwera ndi sutikesi yopanda kanthu, koma za mwana wake, amene amalota m'Chishona kapena m'Chizulu nkudzuka m'Chichewa, talemba zochepa. Anzathu amenewa ali nafe m'chipinda chodyera. Tiwafunse nkhani zawo tisanawaphunzitse katchulidwe.

Kwa iwe mnzanga amene ukuwerengera masiku ku Bulawayo, ku Lusaka kapena ku Cape Town, kapena amene uli ndi mng'ono wako kumeneko, langizo langa ndi lachikale. Usazembe. Pita kwa mphunzitsi amene adakuvutikira ukamuuze kuti ukupita, ndipo umuthokoze pamaso. Amene udayambana naye ukagwirane naye chanza. Ngati kuli manda a mbale wako, kaime pamenepo kanthawi, pakuti mwina palibe wina adzawalambule. Uwauze anzako zoona, kuti mwina simudzaonananso, m'malo mowanamiza kuti ubwera Khirisimasi. Ukalire ngati misozi yabwera. Kenaka ukatsika basi pa Golomoti, anthu akakakufunsa kuti kwanu nkuti, usachite manyazi kutchula malo onse awiri: kumene wakulira, ndi kuno kumene wafika kudzakhala. Mawa lake ufunse kumene kuli khasu ndi njira ya ku chitsime.